Mafunso ndi mayankho okhudza maceration: kuviika, kufewa ndi kupera

Liwu lakuti maceration mumalipeza m'buku la zophikaphika, pa botolo la vinyo, m'mabuku a ophunzira unamwino ndi uzamba, ngakhalenso pa katoni ya pampu ya chimbudzi. M'munsimu tayankha mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri akakumana nalo.

Kodi maceration n'chiyani?

Ndi kuviika chinthu cholimba m'madzi, mu mowa kapena m'mafuta mpaka chifewe, kapena mpaka zomwe zili m'kati mwake zituluke. Nthawi zina timafuna chofewacho, monga chinangwa cha kondowole. Nthawi zina timafuna madziwo, monga a nimu opopera mbewu. Pena timafuna chotsalira zofewa zikachoka, monga mafupa. Kuchipatala liwuli limanena za kufewa kwa khungu komwe palibe amene anakufuna. Okonza makina ndiwo analipatsa ntchito ina, ya kupera zinthu ndi mipeni yozungulira.

Pa kuviika kulikonse, zotsatira zimadalira mtundu wa madzi oviikiramo, kutentha kwake, kutalika kwa nthawi ndi kukula kwa zidutswa. Zidutswa zing'onozing'ono m'madzi ofunda zimafewa msanga, komanso zimaola msanga. Zolakwika zambiri zimachokera pamenepa.

Zimasiyana bwanji ndi kuwiritsa kapena kupanga tiyi?

Tiyi mumathira madzi otentha, n'kudikira mphindi zochepa. Mizu ndi makungwa zimawiritsidwa pamoto. Maceration siifuna moto: zinthu zimakhala m'madzi ozizira kapena ofunda kwa maola, masiku kapena milungu. Njirayi imasankhidwa ngati moto ungaononge chomwe tikufuna kapena kuulutsa fungo lake.

Kuviika chinangwa cha kondowole kuli m'gulu limeneli?

Inde, ndipo ndi kuviika komwe kulakwitsa kwake kumapha. Chinangwa chowawa chili ndi mankhwala otchedwa linamarin. Minofu ya chinangwa ikafewa n'kusweka, linamarin amakumana ndi enzyme (chinthu chachilengedwe chophwanya mankhwala ena) yotchedwa linamarase yomwe ili m'chinangwa momwemo, ndipo pamatuluka poizoni wa cyanide. Poizoni wina amasungunukira m'madzi, wina amauluka poyanika. Choncho cholinga cha kuviika si kukoma kokha ayi, ndi kuchotsa poizoniyu asanalowe mu ufa.

Sendani chinangwa chonse, chifukwa poizoni amachuluka m'makoko. Mizu ikuluikulu muidule pakati kuti ifewe pamodzi ndi inzake. Iikeni mu mbiya, mu mgolo kapena mu ndowa, madzi aimize yonse, chifukwa mbali yotuluka pamwamba imada ndi kugwira chuku osafewa. M'nyengo yotentha masiku 3 mpaka 4 amakwana, koma m'miyezi yozizira ya June ndi July pamafunika masiku 5 kapena kupitirira. Osangowerenga masiku okha: finyani muzu ndi chala. Ukafewa mpaka pakati, ulusi wake n'kusololoka mosavuta, wapsa. Ukakhala ndi mtima wolimba, ubwezereni m'madzi. Mukavuula, tsukani, finyani, phwanyani tizidutswa ndi kuyanika pa thandala mpaka tiume gwaa musanasinje. Madzi oviikiramo mutaye komwe mbuzi, nkhumba ndi ana sangafike.

Ngozi imabwera m'chaka cha chilala ndi njala. Chilala chimachulukitsa poizoni m'mizu, ndipo banja lomwe lagona ndi njala limavuula chinangwa patangotha tsiku limodzi. Wodya ufa wotere amamva chizungulire, mutu ndi kusanza. Akaudya kwa milungu ingapo popanda ndiwo zomanga thupi monga nsomba ndi nyemba, amatha kudwala konzo, matenda oumitsa miyendo mwadzidzidzi omwe sachira. Mu 1981 matendawa anagwira anthu ambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique pa nthawi ya chilala. Mulingo wa padziko lonse umati ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu imodzi.

Ngati mukukayikira ufa wogula, pali njira yomwe anaifufuza Howard Bradbury wa ku Australia. Sakanizani ufa ndi madzi mpaka unyowe wonse, uyaleni mopyapyala pa lichero kapena pa mphasa yoyera, osapitirira sentimita imodzi kuchindikala, ndipo muusiye maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa, kenaka muphike tsiku lomwelo.

Nanga kuviika mphale?

Ndi chimodzimodzi, kungoti apa cholinga ndi kufewetsa. Chimanga chokonola chimakhala m'madzi masiku 2 kapena 3, tizilombo tosasitsa timagwira ntchito yake, ndipo ufa umatuluka woyera, wosalala. Mukapitiriza masiku, matsukwa amanunkha ndipo nsima imawawasa. Mukayanika mosakwanira, ufa umaumbika m'thumba n'kuchita chuku. Kukonola ndi kuviika kumachepetsako poizoni wa chuku, koma kumachotsanso mavitamini a B, mafuta ndi zina zomanga thupi zomwe zimapita ndi gaga ndi matsukwa. N'chifukwa chake phala la mwana ndi bwino likhale la mgaiwa wa chimanga chosankhidwa bwino, chopanda njere zoola.

Buku la zophika likati zipatso zichite maceration, likutanthauza chiyani?

Likuti muwaze shuga pa zipatso zodula kuti zitulutse madzi. Shuga amakoka madzi kuchokera m'chipatso, chipatso n'kufewa, ndipo pansi pa mbale pamakhala manyuchi. Pa theka la kilogalamu ya mango, nanazi kapena mastrawberry, ikani masupuni aakulu 2 a shuga ndi madontho a ndimu, mudikire mphindi 30. Nthochi ndi papaya wakupsa kwambiri sizifuna zimenezi, zimangosanduka phala. Zipatso zouma za keke ya Khirisimasi zimaviikidwa mu brandy kapena rum usiku wonse, ena amaziviika milungu ingapo, kuti zisamwe madzi a keke ikamapsa.

Pa vinyo zimagwira ntchito yanji?

Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu wofiira uli m'makoko, ndipo kukhakhala komwe kumamveka m'kamwa kumachokera ku tannin ya m'makoko ndi m'njere. Vinyo wofiira amapangidwa posiya madzi a mphesa pamodzi ndi makoko ake pa nthawi yofufumitsa, kawirikawiri masiku 5 mpaka 14, pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30. Mtundu umatuluka m'masiku oyambirira, pomwe tannin ya m'njere imatuluka mochedwa, mphamvu ya mowa ikamakwera. Wofuna vinyo wofewa amachotsa makoko msanga, wofuna vinyo wosunga zaka amawasiya nthawi yaitali. Vinyo wa rosé amakhala ndi makoko maola ochepa chabe, kawirikawiri osapitirira tsiku limodzi.

Mpweya wotuluka pofufuma umakankhira makoko pamwamba, n'kupanga chikhakha chochindikala. Chimenechi chiyenera kumizidwa kawiri kapena katatu pa tsiku, kapena kuthiridwa vinyo wopopa kuchokera pansi pa thanki. Chikauma, mabakiteriya a viniga amalowerera ndipo thanki yonse imasasa. Kutentha kukapitirira madigiri 35, yisiti imafooka kapena kufa, vinyo n'kuima pakati ali ndi shuga.

Palinso carbonic maceration, yodziwika ndi vinyo wa Beaujolais ku France. Mphesa zosaphwanya zimaikidwa mu thanki yotseka yodzaza ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo kufufuma kumayambira m'kati mwa mphesa iliyonse. Vinyo wake amakhala wopepuka, wonunkhira zipatso, womwedwa akadali watsopano. Beaujolais Nouveau amayamba kugulitsidwa Lachinayi lachitatu la November chaka chilichonse. Mpweya wa carbon dioxide ulibe fungo ndipo umakhala pansi, choncho munthu wolowa mu thanki yotere isanapitidwe mphepo amakomoka nthawi yomweyo.

Nanga akatswiri a mankhwala amaviika bwanji zitsamba?

Mulingo wodziwika ndi gawo limodzi la chitsamba chouma pa magawo 5 a mowa: magalamu 100 mu mamililita 500 a ethanol wa mphamvu ya 40 mpaka 60 peresenti. Amaziika mu botolo lagalasi lotseka bwino, pamalo amdima, n'kumakhutchumula tsiku lililonse kwa masiku 7 mpaka 14. Kenaka amasefa, amafinya zotsalira chifukwa zimasunga madzi ambiri amphamvu, n'kuthira mu botolo lakuda lolembedwa dzina la chomera, mulingo ndi tsiku. Vanila wophikira amapangidwa mwa njira yomweyi: pafupifupi magalamu 100 a vanila mu lita imodzi ya mowa wosachepera 35 peresenti, kwa milungu 8 kapena kuposa.

Masamba aawisi ali ndi madzi ambiri omwe amasukulutsa mowa, ndipo mphamvu yake ikatsika kufika pa 20 peresenti zinthu zimayamba kuola. Zoviika m'madzi okha sizisungika kupitirira tsiku limodzi. Sipiriti wa buluu kapena wa pepo wa m'sitolo ali ndi methanol kapena mankhwala ena oika dala kuti asamwedwe. Methanol amapha maso, ngakhalenso kupha munthu. Kachasu nayenso sadziwika mphamvu yake ngakhale zomwe zilimo. Koma vuto lalikulu ndi lakuti mphamvu ya chomera imasintha malinga ndi dothi, nyengo ndi msinkhu wake, ndiye supuni ya lero si yofanana ndi ya mwezi wamawa. Zoviika za pakhomo zisalowe m'malo mwa ma ARV, LA, kapena mankhwala a shuga ndi a BP, ndipo zisaperekedwe kwa mayi woyembekezera kapena khanda.

Kodi adyo woviika m'mafuta ophikira ndi wabwino kusunga?

Ayi, pokhapokha mufiriji, ndipo mumalize m'masiku 4. Adyo amachokera m'dothi momwe mumakhala bakiteriya wa Clostridium botulinum, ndipo mafuta amatsekereza mpweya, zomwe bakiteriyayu amafuna kuti apange poizoni. Mafutawo saonetsa kusintha kulikonse, sanunkhanso. Mu 1985 anthu angapo ku Vancouver, m'dziko la Canada, anadwala botulism, matenda obwera ndi poizoni ameneyu, chifukwa cha adyo wa m'mafuta wosungidwa kunja kwa firiji. Pofuna mafuta a tsabola kapena a zokometsera zina osunga nthawi, gwiritsani ntchito zouma gwaa.

Alimi amaviika bwanji nimu ndi ombwe?

Pa nimu, mphamvu yaikulu ili m'njere. Chotsani zikhokho, sinjani njere, ndipo muviike magalamu 50 pa lita iliyonse ya madzi usiku wonse. M'mawa sefani ndi nsalu kawiri, apo ayi mlomo wa sipuleya utsekeka, n'kusungunuliramo sopo pang'ono kuti mankhwala amatirire pa masamba. Popelani madzulo, chifukwa dzuwa limaononga azadirachtin, mankhwala omwe amaletsa tizilombo kudya ndi kukula. Musayembekeze kuona mbozi zitagwa pompo: zimasiya kudya, n'kufa patapita masiku. Bwerezani pakatha sabata.

Ombwe, omwe ena amati mthuthu, amaviikidwa chimodzimodzi: masamba ouma osinja, mpaka magalamu 100 pa lita, kwa maola 24. Chomerachi chimapha nsomba, choncho musatsukire sipuleya mumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba.

Za mafuta onunkhira?

Kale ku Grasse, ku France, ankaviika maluwa m'mafuta a nyama ofunda, n'kumachotsa maluwa akale ndi kuikamo atsopano mpaka mafutawo atakhuta fungo, kenaka n'kutsuka fungolo ndi mowa. Masiku ano opanga perefyumu akati maceration amatanthauza kusiya mafuta onunkhira atasakanizidwa ndi mowa kwa milungu ingapo asanathire m'mabotolo.

Namwino akalemba kuti khungu lachita maceration, ndiye kuti chiyani?

Ndiye kuti khungu lakhala pachinyezi nthawi yaitali mpaka lafewa. Limaoneka loyera kapena lotuwa, lamakwinya, lotupikana, ndipo limasendeka mukangolikhudza. Mukamatula pulasitala yomwe yakhala pa chala masiku awiri, khungu loyera lija ndi limeneli. Khungu lotere silitchinganso tizilombo, ndipo bala limakula m'mbali m'malo mochepa.

Zimachitika kwambiri m'mbali mwa bala lotuluka madzi ambiri, pansi pa thewera, m'mphechepeche, pansi pa mabere, m'kati mwa chikhakha chonyowa ndi pakati pa zala za kumapazi m'nyengo ya mvula. Kwa wodwala wogonera pamphasa kapena pabedi amene sakutha kudziletsa mkodzo, kufewaku ndiko kumatsegulira njira zilonda za pamsana ndi m'matako. Asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankaola mapazi chifukwa choima m'ngalande za madzi ozizira masiku ambiri osavula nsapato.

Bala limafuna chinyezi pang'ono kuti lipole, koma khungu lozungulira liyenera kukhala louma. Sinthani bandeji madzi akangoonekera kunja, osadikira tsiku lomwe munauzidwa. Tsukani ndi saline, kapena madzi owiritsa ozizira okhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita. Pukutani m'mbali mosisita pang'onopang'ono ndi nsalu yoyera, osakhula. Pakani zinc oxide kapena Vaseline mopyapyala pa khungu lozungulira, osati m'kati mwa bala. Gozi wonyowa asapitirire m'mphepete mwa bala. Wodwala wogonera mumutembenuze maola 2 alionse, ndipo musamugoneke pa pepala la pulasitiki popanda nsalu yomwa madzi pamwamba pake.

Odwala shuga asamaviike mapazi m'beseni, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti kutero kumathandiza. Asambe mwachangu, apukute bwino pakati pa zala, ndipo mafuta asapake pakati pa zalapo. Kufiira kofalikira, kutentha, mafinya, fungo kapena kutentha thupi ndi zizindikiro zopitira kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga azamba akalemba kuti macerated stillbirth?

Akutanthauza mwana amene anamwalira m'mimba nthawi yobereka isanayambe, n'kukhala m'madzi a m'chiberekero mpaka khungu lake kufewa. Si kuola kobwera ndi tizilombo, ndi minofu yomwe imadzisungunula yokha moyo ukasiya. Khungu limayamba kusendeka patatha maola pafupifupi 6, ndipo pakatha tsiku limodzi zimaonekeratu. Pakadutsa masiku, mafupa a mutu amatha kulowana.

Zipatala zimalemba padera ana otere ndi ana omwe amabadwa atangomwalira kumene, khungu lili bwinobwino. Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito. Mwana wa khungu labwino nthawi zambiri amakhala kuti wamwalira pobereka, ndiye pofunika kuunika ndi chisamaliro cha m'chipinda chochilira, mayendedwe ndi kuchedwa kwa opaleshoni. Mwana wofewa khungu amaloza ku nthawi ya pakati: chindoko, malungo, kuthamanga kwa magazi, shuga, kapena vuto la nsengwa. Zambiri mwa izi zimapezeka ku sikelo. Chindoko chimayezedwa ndi kadontho ka magazi ndipo chimachizika ndi jakisoni wa benzathine penicillin, koma bambo naye ayenera kulandira, apo ayi mayi atenganso. Fansidar wa ku sikelo ndi kugona m'neti zimateteza ku malungo. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kosachepera ka 8 pa mimba imodzi.

Mwana akachepetsa kapena kusiya kugunda m'mimba, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, osadikira tsiku la sikelo. Zikatsimikizika kuti wamwalira, achipatala amathandiza kuyambitsa zowawa za kubereka, chifukwa kukhala naye milungu ingapo kungasokoneze kuundana kwa magazi a mayi. Achibale asamuloze chala mayiyo, ndipo azamba awafotokozere makolo mmene mwana akuonekera asanawaonetse.

Mafupa a kumalo osungira zakale ndi a m'makalasi amayeretsedwa bwanji?

Amasenda chikopa, kuchotsa minofu ikuluikulu, maso ndi ubongo, n'kumiza mafupa m'madzi ofunda a madigiri 30 mpaka 40 mu chidebe chovundikira. Mabakiteriya amadya zotsalira. Chigaza cha mbuzi chimayera pa sabata imodzi mpaka zitatu, koma m'madzi ozizira zimatenga miyezi ndipo mafuta amauma n'kumatirira pa fupa ngati phula. Posintha madzi, siyaniko ena akale kuti mabakiteriya asathe, ndipo khuthulirani pa sefa chifukwa mano ndi timafupa ting'onoting'ono zimagwera pansi. Pambuyo pake mafupa amaviikidwa m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kuchotsa mafuta, kenaka mu hydrogen peroxide wa 3 peresenti kuti ayere. Jik amadya fupa mpaka limafumbutuka pakapita zaka, ndipo kuwiritsa kumang'amba mano ndi kulowetsa mafuta m'kati mwa fupa.

Fungo lake ndi loopsa, choncho ntchitoyi ndi ya kutali ndi nyumba, ndipo pamafunika magolovesi. Nyama yofa mwadzidzidzi ikutuluka magazi m'mphuno isatumbulidwe n'komwe chifukwa cha anthrax, matenda a ziweto omwe amagwiranso anthu, ndipo mutu wa galu wokayikitsa chiwewe ndi wa alangizi a ziweto. Ku Malawi, kusunga mafupa, mano kapena nyanga za nyama zotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire ndi mlandu.

N'chifukwa chiyani mbatatesi yoola imasanduka phala lonunkha?

Maselo a chomera amamatidwa ndi pectin. Mabakiteriya a Pectobacterium amatulutsa ma enzyme osungunula pectin ameneyu, maselo n'kumwazikana, ndipo akatswiri a matenda a mbewu amakutchanso maceration. Amalowera pa mabala a khasu, ndipo amakonda mbatatesi yonyowa yothinana m'thumba la pulasitiki. Kumbani dothi litauma, musatsuke yosunga, chotsani yotemeka ndipo sungani popita mphepo.

Liwuli limamvekanso pa nkhani ya anapiye. Zikukhudzana bwanji?

M'mafakitale oswetsa nkhuku zoikira mazira, anapiye aamuna alibe phindu chifukwa saikira ndipo sanenepa msanga ngati mabroila. M'mayiko ambiri amaphedwa tsiku lomwe aswa, ndi mpweya kapena ndi makina a mipeni othamanga kwambiri otchedwa macerator. Germany inaletsa kupha anapiye otere kuyambira pa 1 January 2022, ndipo France inatsatira mu 2023. Kumeneko tsopano akugwiritsa ntchito makina odziwa ngati dzira lili ndi tambala kapena thadzi lisanaswe.

Chimbudzi cha macerator chimagwira bwanji ntchito, ndipo n'choyenera kugula?

Kumbuyo kwa mtondo wa chimbudzi kumakhala kabokosi kokhala ndi mota, mipeni ndi pampu. Mukagujumula, madzi amakwera m'bokosimo n'kukankha swichi, mipeni imapera zonyansa ndi tishu kwa masekondi ochepa, pampu n'kuzikankha kudzera mu paipi ya mamilimita 22 mpaka 32 m'malo mwa ija yaikulu ya 110. Zimatha kukwezedwa mamita 4 kapena 5, n'chifukwa chake zimbudzi zotere zimapezeka m'zipinda za pansi pa nthaka, m'maboti ndi m'nyumba zakale za ku Britain ndi France komwe kuboola makoma n'kovuta. Dzina lodziwika kwambiri ndi Saniflo, ya kampani ya ku France.

Poika, paipi iyambe yakwera molunjika pafupi ndi pampu, kenaka izitsetsereka pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse. Mita imodzi yokwera imachepetsa mtunda wopingasa ndi mamita pafupifupi 10. Pokhota gwiritsani ntchito zigongono ziwiri za madigiri 45 m'malo mwa chimodzi cha 90. Valavu yoletsa kubwerera ikatha, zonyansa zimabwerera m'bokosi ndipo mota imangodziyatsa yokha usiku. Mota ikamalira osasiya, nthawi zambiri ndi swichi yomwe yagwidwa ndi laimu wa m'madzi. Ikangong'ung'udza osazungulira, ndiye kuti mipeni yakodwa ndi mapadi, matewera, makondomu, timapepala tonyowa topukutira ana kapena nyuzipepala. Zimitsani magetsi musanatsegule bokosi, ndipo musathiremo caustic soda chifukwa amadya labala.

Malamulo a zomangamanga ku England amalola chimbudzi chotere pokhapokha m'nyumbamo muli china chotsitsa zonyansa popanda pampu. Kwathu kuno, komwe magetsi amathima maola ambiri, lamulo limeneli ndi lofunika kulitsatira ngakhale palibe wokukakamizani: magetsi akazima bokosi limadzaza mukangogujumula kamodzi kapena kawiri, ndipo kachitatu madzi amasefukira pansi. Ngati malo akulola kukumba ngalande ya paipi ya 110 yotsetserekera ku septic tank, kumbani imeneyo.